Mawu a M'kompyuta ya Dona Selesite

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene maso a ababa anayamba kuchita mdima. Sizinachitike tsiku limodzi ayi. Poyamba ankangodandaula kuti mababu a masiku ano sawala ngati akale. Kenako anasintha mandala, anakagula galasi lokulitsira zinthu ku Limbe, mpaka dokotala anawauza kuti ndi matenda a shuga amene akuwadya maso, ndipo kuti chimene chawonongeka kale sichingabwerere. Tsiku limenelo anafika kunyumba, anasamba, anadya, n'kukagona. M'mawa mwake anapita kukatsegula shopu ngati masiku onse.

Shopuyo inali kachipinda kakang'ono kuseri kwa magolosale a pa Muloza, pafupi ndi boda. Ukakhala pakhomo pake unkamva mabelu a kabaza ndi mawu a anyamata osintha ndalama akuitanira anthu ochokera ku Milange. Ababa, amene anthu ankawatchula kuti a Jowakimu, anawoloka boda yomweyo ali mnyamata, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo sanabwererenso. Anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako mativi. Makompyuta atayamba kufika m'masukulu, m'maofesi a kumaesiteti a tiyi ndi m'malo otaipira makalata, anapita ku Blantyre kukaphunzira ali wamkulu kale, pakati pa achinyamata amene ankawaseka chifukwa chotaipa ndi chala chimodzi. Anabwerako ali munthu wodalirika pa ntchitoyo m'dera lathu lonse, ndipo ankanyadira zimenezo mwakachetechete.

Ine ndinali woyamba kubadwa. Amayi ndi amene analamula kuti ndikaweruka kusukulu ndizidzera kushopu kukawasesera ababa. Kusesako kunali kongonamizira. Ntchito yanga yeniyeni inali kuwawerengera tizilembo ta pa zipangizo, kuwauza mtundu wa waya, ndi kuwapezera sikulu ikagwa pansi. Kasitomala akabwera, ababa ankamulandira bwino, kumufunsa mafunso, kenako n'kunena kuti, “Isiyeni, mubwere mawa.” Munthuyo akachoka ankakankha chitseko n'kusiya kampata kolowera kuwala, ndipo tinkayamba ntchito awiriwiri. Sanandiuzepo kuti ndisaulule za maso awo. Ndinangodziwa ndekha kuti si nkhani yokamba.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa sichinali dzina la chipangizo chilichonse. Chinali kuzula pulagi. Ukazula pulagi, udine batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira atuluke. Ukatero ugwire chitsulo cha bokosi la kompyuta ndi chikhatho chonse usanakhudze kanthu m'kati, chifukwa thupi la munthu limasunga timagetsi tosamveka timene tingaphe chipangizo iwe osadziwa. Masikulu tinkaika m'sosala yong'aluka imene amayi anaisiya kugwiritsa ntchito. Fumbi tinkalichotsa panja ndi pampu ya njinga, chala chimodzi chitagwira fani kuti isazungulire mopitirira muyeso.

Mayina a zipangizo ndinawaphunzira ndi zala. Ababa ankagwira dzanja langa n'kuliyendetsa m'kati mwa bokosi. Kabokosi kachitsulo ka pakona, kotuluka mawaya ambiri ofiira, achikasu ndi akuda, ndi pawa sapulayi, imene imalandira magetsi a pakhoma n'kuwachepetsa mphamvu kuti zipangizo zina ziwagwiritse ntchito. Thabwa lalikulu lobiriwira ndi madabodi, pamene zonse zimalumikizana. Pansi pa fani pali purosesa, imene imachita masamu onse ndipo imatentha kwambiri. Timatabwa tatitali timene timaima m'mizere yake ndi ramu, pamene kompyuta imayala ntchito imene ikugwira nthawi imeneyo, ndipo magetsi akazima zonse za pamenepo zimafufutika. Pomaliza ankandiika m'manja chinthu cholemera ngati kanjerwa. Imeneyo ndi hadi disiki.

“Zina zonsezi zikafa timagula zina,” ankatero. “Koma muno ndi mmene muli zinthu za mwini wake. Usaigwetse, ndipo usaigwedeze ikamazungulira.”

Ndinali ndi chizolowezi chofulumira kuyankha, monga ana ochita bwino m'kalasi amachitira. Ndikangotsegula bokosi ndinkati, “Ababa, madabodi yapsa.” Iwo ankandifunsa modekha kuti, “Waona kapena waganiza?” Ndinkachita manyazi, n'kuyambiranso. Ndinkawauza kuti fani yadzaza fumbi, kuti tizitini tating'ono ta pa madabodi tili tosalala pamwamba koma kamodzi katupa, kuti waya wina wakhwefuka. Iwo ankamvetsera atatsinzina, ngati munthu amene akumvera nkhani pa wailesi, ndipo kuchokera pa zimene ndawauzazo ankadziwa poyambira.

Loweruka lina m'mawa, m'nyengo ya mvula, phiri la Mulanje litabisika m'mitambo, kabaza inaima pakhomo pa shopu. Panatsika mayi wachikulire wovala zakuda, atakumbatira katundu wokulungidwa m'chitenje ndi pepala lapulasitiki. Anakana kuti wakabaza amunyamulire. Analowa, anapereka moni wa Chipwitikizi wa “bondiya”, kenako anapitiriza m'Chichewa chathu chomwechi cha m'malire. Anati dzina lake ndi Selesite, amagulitsa zitenje ku Milange. Ababa anamuyankha m'Chilomwe, ndipo nkhope ya mayiyo inamasuka pang'ono. Kuyambira pamenepo ankamutchula kuti Dona Selesite, monga amatchulira mayi mwaulemu ku Mozambiki.

Kompyutayo inali ya mwana wake wamwamuna, Zakariya, amene anali mphunzitsi komanso wotsogolera kwaya kutchalitchi kwawo. Zakariya anamwalira atadwala kanthawi kochepa, n'kusiya mkazi ali woyembekezera. Mwana amene anabadwayo tsopano anali atayamba kulankhula, ndipo ankaloza chithunzi cha pakhoma n'kumafunsa kuti munthu ameneyu amalankhula bwanji. Mkazi wa Zakariya anakumbukira kuti malemuyo ankajambula mawu a kwaya pokonzekera nyimbo. Koma mmene ankati ayatse kompyuta, anapeza kuti siyaka. Inali itakhala yolumikizidwa kukhoma tsiku lina mphezi itagwa pafupi ndi nyumba yawo.

“Kompyutayo sindikuifuna kwenikweni,” anatero Dona Selesite. “Ndi kuyatsa komwe sindidziwa. Ndikufuna mdzukulu wanga amve mawu a bambo ake.”

Ababa anagwedeza mutu, anayendetsa dzanja pamwamba pa bokosilo. “Ndamva, mayi. Isiyeni, mubwere Lolemba.”

“Pepani bambo, iyi yokha sindingaisiye. Ndikhala pompano. Ndabwera ndi chinangwa changa, simuvutika nane.”

Anakhala pabenchi la pafupi ndi khomo, anayala chitenje pamiyendo. Ndinayang'ana ababa. Anasisita chibwano. Kenako anati, “Rozina, bweretsa sikuludiraiva.”

Anapeza njira yochitira kuti mayiyo asazindikire za maso awo. Ankalankhula ngati mphunzitsi amene akuyesa mwana pamaso pa mlendo. “Tawauza amayiwa, tisanatsegule timayamba ndi chiyani?” Ine ndinkayankha, n'kuchita. “Tsopano tawauza chimene ukuona.” Ndinati pa madabodi sindikuona chotupa kapena chakuda, koma kumbuyo kwa pawa sapulayi kuli mwaye. Anandiuza kuti ndinunkhize. Linali fungo la pulasitiki wopsa, lakale koma losabisika. Iwonso anawerama, ananunkhiza, n'kuvomereza.

“Mphezi ikalowa kudzera kukhoma, nthawi zambiri imayambira pamenepa,” anamufotokozera Dona Selesite. “Tikangoiyatsa tisanadziwe pamene inalekezera, tikhoza kuwononga ndi zimene mwadzerazo. Tichotsa kaye disiki, tiike m'kompyuta yathu, tipulumutse mawuwo. Kukonza kubwere pambuyo.”

Ndinamasula masikulu a hadi disiki, ndinaitulutsa ndi manja awiri n'kuiika pansalu. Mpaka apa zonse zinayenda bwino, ndipo ndinayamba kuganiza kuti tsikuli litha popanda mayiyo kuzindikira kanthu.

Ma disiki a nthawi imeneyo anali ndi timano tachitsulo tambirimbiri kumbuyo, toonda ngati singano. Pofuna kuika awiri pa lamba mmodzi wa waya, imodzi inkayenera kukhala yotsogolera, inayo yotsatira. Chosankhira zimenezo chinali kapulasitiki kakang'ono ngati njere ya mpunga, kotchedwa jampa, kamene unkakazula ndi chopanira n'kukaveka pa timano tiwiri toyenera. Chithunzi chosonyeza poveka chinali papepala lomatidwa pamwamba pa disikiyo, m'tizilembo tating'onoting'ono. Ntchito imeneyi ababa anali asanandilolepo kuigwira pa disiki ya kasitomala. Ankaichita okha mopapasa, pa mitundu imene ankaidziwa pamtima. Koma iyi inali ya mtundu umene unali usanafikepo pashopu pathu.

Anatenga chopanira. Anayandikitsa disiki kumaso mpaka inatsala pang'ono kukhudza mandala, anaitembenuzira kumene kunkachokera kuwala. Anapapasa timano ndi nsonga ya chala. Kenako ndinamva chopanira chikukanda pachitsulo, pamalo pamene panalibe jampa. Kadzino kamodzi kakakhota kapena kuthyoka pa malo oipa, disiki ikhoza kukana kuwerengeka. Ndinkafuna kuwanong'oneza kuti asunthire kumanzere, koma mayi uja anali pafupi kwambiri.

Ababa anaima. Anaika chopanira patebulo pang'onopang'ono, anaika disiki pansalu, anavula mandala n'kuwagwira m'manja.

“Dona Selesite, ndikuuzeni zoona,” anatero. “Maso anga anatha. Kanthu kamene ndikufunaka sindikukaona. Amene angakaone ndi mwanayu, ndipo sanachitepo ntchito imeneyi pa chinthu cha mwini. Ine ndikhoza kumamuuza, iye n'kumachita. Koma ngati mtima wanu sukulola, ndikulozerani munthu wina ku Limbe amene ndimamukhulupirira. Sindikwiya.”

Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu amenewo, ngakhale kunyumba. Ndinayang'ana pansi. Kunja kabaza inadutsa ikuliza belu, ndipo mvula inali itayamba kuwaza pamalata.

Dona Selesite sanadabwe. Anakonza mpango wake kumutu, n'kunena kuti, “Bambo, zimenezo ndinauzidwa ndisanawoloke n'komwe. Ndinafunsa anzanga amene timagulitsa nawo zitenje, ndinafunsanso wakabaza amene wandibweretsayu. Onse anati pitani kwa a Jowakimu, maso awo anavuta koma ali ndi mwana wamkazi amene amawaonera, ndipo chinthu sichiwonongeka m'manja mwawo. Ndabwera ndikudziwa.”

Ababa anangokhala atagwira mandala aja.

Mayiyo anatembenukira kwa ine. “Mwanawe, dzina lako ndi Rozina eti? Gwira ntchito yako. Ine ndili pano.”

Ndinatenga chopanira. Ababa anamva mmene ndinkapumira. Anaika chikhatho chawo pamsana panga.

“Siya kaye. Palibe amene akutithamangitsa. Ndiwerengere zimene zalembedwa papepalapo, kuyambira kumanzere.”

Ndinawerenga mokweza, mzere ndi mzere. Anandifunsa kuti jampa ili pati pakali pano, ndinawauza. Anandifunsa kuti chithunzi chikuti yotsatira ikhale pati, ndinawauza. Anandiuza kuti ndibwerezenso. Mmene ndinkamaliza kubwereza, ndinali nditakhazikika. Anati nditsamize chigongono patebulo, ndikoke jampa molunjika osapendeketsa, ndiiveke popanda kukakamiza. Inalowa mosavuta, moti ndinadabwa kuti kanthu kakang'ono chonchi kanatiimitsa tonse atatu.

“Tsopano lamba. Mbali imene ili ndi mzere wofiira iyang'ane kumene kumalowa waya wa magetsi. Ukamva kuti sakulowa, usalimbane naye, ndiuze.”

Nditamaliza kulumikiza, ababa anapapasa okha mawaya onse, kenako anandilola kuyatsa. Kompyuta yathu inalira kamodzi, kulira kwafupi kosonyeza kuti zonse zili m'malo. Iwo anayandikitsa khutu pa disiki ya malemu Zakariya, anamvetsera nthawi yaitali.

“Ikuzungulira bwino,” anatero. “Sikugogoda.”

Pa sikirini panaoneka mafoda a munthu amene sitinamuonepo. Panali mayina a makalasi, mayina a anthu, ndi foda ina yolembedwa dzina la mkazi wake. Ababa anandiuza kuti ndisatsegule chilichonse chimene mayiwa sanatchule, ndipo kuti tikopere kaye tisanamvere, chifukwa disiki imene yadutsa pa mphezi sudziwa kuti ikhala yamoyo mpaka liti. Ndinapeza foda ya kwaya ndi ya zithunzi, ndinayamba kukopera. Zinatenga nthawi. Dona Selesite anamasula chinangwa chake chophika, anatigawira, ndipo tinadya tikuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini. Iye ndi ababa anacheza m'Chilomwe za midzi ya kutsidya, n'kupeza kuti agogo awo ankatunga madzi mumtsinje umodzi.

Kukopera kutatha, ababa anati ndilumikize sipika n'kutsegula fayilo yoyamba.

Poyamba kunamveka phokoso la mabenchi ndi munthu akutsokomola. Kenako kwaya inayamba kuimba, koma isanapite patali wina anawomba m'manja. Anali mawu a mwamuna, okhuthala, osathamanga.

“Ayi, ayi. Azimayi a kumbuyoko mukuthamangira kuti? Ndiwo zili pamoto? Tiyambirenso.”

Anthu a m'kwayamo anaseka, nayenso anaseka. Kenako anaimba yekha mzere woyamba kuti awaonetse mayendedwe ake.

Dona Selesite ananyamuka pabenchi, anabwera patebulo, anaika dzanja pa sipika. Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika, iye akugwedeza mutu motsatira nyimboyo.

“Ndi yemweyo,” anatero chapansipansi. “Ankakalipa chonchi ndithu. Ngakhale ine mayi wake ankandiimitsa ndikalakwitsa.”

Anapempha kuti ndibwezere pamene ankakalipa paja, osati pamene ankaimba. Ndinabwezera kangapo. Ababa anali atatembenukira kukhoma, akupukuta maso ndi kansalu kopukutira mandala.

Ntchito yotsalayo inali yamasiku onse. Tinachotsa pawa sapulayi yopsayo n'kuika ina imene tinkadziwa kuti ndi yabwino. Titayatsa, kompyuta inalira motalika mobwerezabwereza, ndipo ababa anati imeneyo ndi ramu. Ndinaizula, ndinapukuta timano take tagolide ndi labala wa pensulo, ndinaibwezera mpaka tizokowera ta m'mbali tinatseka tokha. Inayaka. Tinabwezera disiki ndi jampa yake pamalo akale. Ababa anandiuza kuti nditsitsire mawu ndi zithunzi pa masidi awiri, ndipo anamulangiza mayiyo kuti imodzi ikhale kunyumba kwake, inayo kwa mpongozi wake, zisagone denga limodzi. Dona Selesite anakulunga masidiwo m'kansalu n'kuwaika pachifuwa, kompyuta n'kuipereka kwa wakabaza kuti amange kumbuyo. Potsanzikana anandigwira manja onse awiri, anandithokoza m'Chipwitikizi kuti “obrigada, mwananga,” n'kukwera.

Titatsala awiri, ababa anakhala pampando wawo. Ine ndinkatolera zida.

“Rozina,” anatero ababa, “ndiye kuti Muloza yense akudziwa?”

“Sindikudziwa, ababa.”

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene watula katundu. “Mpaka akabaza. Ndiye ndakhala ndikubisira ndani?”

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapeza chitseko chili chotsegula chonse, ndipo mpando wanga anali atausunthira kutsogolo, pafupi ndi wawo. Kasitomala akabwera ankamuuza poyera kuti akonza ndi mwana wawo. Ena ochepa ananyamula makompyuta awo n'kupita kwina, ndipo ababa sanawadandaule. Ambiri anakhalabe. Chimene sanalole ndi chakuti ndijombe kusukulu chifukwa cha shopu, ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Ankati makasitomala adikire mpaka ndiweruke.

Ababa anatisiya ndili pafupi kumaliza maphunziro a ntchito yomweyi. Lero ndimaphunzitsa achinyamata kukonza makompyuta. Ma disiki a timano aja anatha, ndipo ambiri mwa ophunzira anga sanaonepo jampa ya mtundu umenewo. Amaphunzira msanga kuposa mmene ndinkachitira ine. Chimene chimawavuta ndi kuima. Mnyamata amalolera kukakamiza chipangizo chimene sakuchidziwa mpaka chithyoke, kusiyana ndi kunena pamaso pa mwini wake kuti apa pandikanika.

Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati tsiku lija linali langa, tsiku limene ndinagwira ntchito yeniyeni koyamba. Tsopano ndili ndi shopu yanga komanso dzina loti ndiliteteze, ndimaona kuti linali tsiku la ababa. Akanatha kupitiriza kupapasa, ndipo mwina jampa ikanalowa. Kadzino kakanathyoka, akanatha kunena kuti mphezi ndi imene inawononga, ndipo palibe akanawatsutsa. Pamene ankaika chopanira chija patebulo sankadziwa kuti mayiyo ayankha zotani. Ankaganiza kuti akutaya shopu, ndi ulemu umene anaumanga kuchokera tsiku limene anawoloka boda opanda kanthu. Anaona kuti kuli bwino zimenezo zitayike, koma kamwana ka ku Milange, kamene sanakaonepo, kamve bambo ake akuseka.